Mbande ya mpunga ndi nayitrojeni: zimene zimachitika ku mizu ndi ku masamba

Olima mpunga sagwirizana pa nkhani yothira feteleza pa nazale. Ena amati mbande ipatsidwe nayitrojeni wambiri kuti ipite kumunda ili yojintcha, masamba ali biriwiri. Ena amati mbande yotero ndi yolobodoka, ikangowokeredwa imafota ndipo imachedwa kugwira. Onsewa amanena zimene anaona ndi maso awo, ndipo palibe amene akunama.

Chimene chimatisokoneza ndi kuganiza kuti feteleza ndi kakulidwe zimayendera limodzi, kuti ukawonjezera feteleza, mbande nayo iwonjezera kukula mofanana. Mbande siitero. Imazindikira kuchuluka kwa nayitrojeni amene ali pafupi ndi mizu yake, kenako imasintha kagawidwe ka chakudya chimene yapanga: chingati chipite ku mizu, chingati ku masamba, chingati ku mphukira. Munthu akamvetsa kagawidwe kameneka, amaona mmene mbali ziwiri zija zingakhalire zolondola nthawi imodzi.

Nayitrojeni amagwira ntchito yanji m'chomera?

Nayitrojeni ndi umodzi mwa michere itatu imene chomera chimafuna yochuluka, pamodzi ndi fosiforasi ndi potaziyamu. Ndiye chilembo N chija cha pa thumba la feteleza. Mu mpweya umene timapuma alimo wambiri, pafupifupi 78 peresenti, koma mpunga sungamugwiritse ntchito ali choncho. Mizu imamumwa akasungunuka m'madzi a m'nthaka, ndipo amakhala wa mitundu iwiri: amoniyamu ndi nayitireti. Feteleza wa Urea, amene 46 peresenti yake ndi nayitrojeni, amayamba wasanduka amoniyamu kaye mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'nthaka. Nthaka ikakhala yonyowa ndi yofunda, zimenezi zimatenga masiku ochepa chabe.

Akalowa m'chomera, nayitrojeni amapita kukapanga mapuloteni, DNA (chinthu chosunga malangizo a chibadwa) ya selo lililonse latsopano, ndi klorofili, chinthu chobiriwira chimene chimakola kuwala kwa dzuwa m'tsamba. Pali puloteni ina yotchedwa Rubisco imene imagwira mpweya wa kaboni dayokisaidi kuti tsamba lipange shuga. Puloteni imodzi yokhayi imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nayitrojeni yense wa m'tsamba la mpunga. Choncho tsamba losowa nayitrojeni silimangosintha mtundu, limapanganso shuga wochepa. Ndipo shuga ndiye amamanga chilichonse chatsopano m'chomera, kuphatikizapo mizu imene ikanakasaka nayitrojeniyo.

Masiku oyambirira mbande imadya kamba wake

Njere ya mpunga ili ngati munthu wonyamuka ulendo atanyamula kamba. Mkati mwake muli sitachi wambiri ndi mapuloteni pang'ono, pafupifupi 7 kapena 8 peresenti. Njere ikamwa madzi n'kumera, kambayu amasungunuka pang'onopang'ono kudyetsa kamuzu ndi timasamba toyamba, ndipo amatha mbande ikafika masamba atatu kapena anayi. Kuwerenga masamba kumathandiza kuposa kuwerenga masiku, chifukwa kukatentha mbande imafika msinkhu umenewu msanga, kukazizira imachedwa.

N'chifukwa chake feteleza wothiridwa tsiku lofesa saonetsa ntchito yake m'sabata yoyamba. Bedi lothiridwa ndi losathiridwa amaoneka chimodzimodzi. Nthawi zina lothiridwalo ndiye limavutika, chifukwa Urea wambiri akagundana ndi njere yomera kumene amatulutsa mpweya wa amoniya umene umawotcha nsonga ya kamuzu.

Koma tisafulumire kunena kuti mbande siifuna kanthu kuchokera kunja mpaka kamba atatha. M'njere muli sitachi wochuluka kuposa nayitrojeni, ndiye nayitrojeni ndi amene amayamba kuperewera, ndipo mizu imayamba kumwa wa m'nthaka sitachi akadalipo. Nthawi yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ya kusinthaku, pamene njere yauma mkati ndipo mbande yayamba kudzidalira. Mabedi amene ankafanana aja amayamba kusiyana apa.

Pansi pa madzi

Munda ukadzaza madzi, okosijeni wa m'nthaka amatha msanga. Mabakiteriya amene amasandutsa amoniyamu kukhala nayitireti sangagwire ntchito popanda okosijeni, ndiye amaleka. Nayitireti amene analimo kale amagwiritsidwa ntchito ndi mabakiteriya ena, omwe amamusandutsa mpweya wothawira kumwamba. Chotsala ndi amoniyamu, amene amamatirira ku dongo ndipo sakokoloka wamba. Mpunga unazolowera moyo umenewu, ndipo umapirira amoniyamu wochuluka kuposa mbewu zambiri za kumtunda.

Pachifukwa chimenechi anthu ankangoti mpunga ndi mbewu ya amoniyamu basi. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mkati mwa tsinde ndi mizu ya mpunga muli timipata todutsa mpweya kuchokera ku masamba mpaka kunsonga kwa muzu. Okosijeni wina amadontha kutuluka m'muzumo, n'kupanga kachigawo kopyapyala ka nthaka yokhala ndi mpweya kuzungulira muzu uliwonse. M'kachigawo kameneka mabakiteriya aja amadzukanso n'kupanga nayitireti, ndipo muzu umamumwa pomwepo asanathawe. Ndiye ngakhale m'munda wodzaza madzi, mpunga umamwa mitundu yonse iwiri. Mbande zoleredwa m'madzi oyeserera ku labotale zimakula bwino zikapatsidwa mitundu iwiriyi pamodzi kusiyana ndi mtundu umodzi wokha.

Mitundu iwiriyi siifanana mtengo kwa chomera. Amoniyamu akachuluka m'selo ndi poizoni, choncho muzu suungamusunge. Umamumangirira nthawi yomweyo ku tizidutswa ta shuga n'kupanga glutamine, chimodzi mwa zinthu zomangira mapuloteni. Apa pali mfundo imene ibweranso kutsogoloku: amoniyamu aliyense wolowa amafuna shuga wochokera ku masamba. Nayitireti ndi wofatsa, chomera chimatha kumusunga m'maselo mpaka atafunika, koma pomugwiritsa ntchito chimayenera kumusandutsa amoniyamu kaye, ndipo zimenezi zimadya mphamvu.

Pakhungu la muzu pali mapuloteni olowetsa michereyi, a amoniyamu paokha, a nayitireti paokha. Nayitrojeni akachepa m'nthaka, mbande imachulukitsa amene amatha kutola ngakhale timadontho tochepa. Akachuluka m'thupi mwake, imawachepetsa. Mitundu ya mpunga imasiyananso pamenepa. Mu 2015 gulu la akatswiri a ku China lotsogozedwa ndi Chu Chengcai linaonetsa kuti jini yotchedwa NRT1.1B, kutanthauza kachigawo ka malangizo a chibadwa kamene kamapanga imodzi mwa mapuloteni olowetsa nayitireti, ndi yosiyana pang'ono pakati pa magulu awiri akuluakulu a mpunga, la indica ndi la japonica, ndipo ya indica imathandiza kumwa nayitireti wochuluka.

Akachepa: mizu patsogolo

Mbande ikaona kuti nayitrojeni wachepa, chinthu choyamba chimene imachita sichioneka pamwamba. Imachepetsa kukulitsa masamba, ndipo shuga amene akanapita kumeneko imamutumiza pansi. Mizu imatalika ndi kuonda, kufunafuna malo amene nthaka ili ndi chakudya. Mukazula mbande yotere n'kuyerekeza ndi yodya bwino, mupeza kuti gawo la mizu ndi lalikulu poyerekeza ndi kathupi kake kakang'onoko.

Mizu siimangofalikira paliponse. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa ku Britain, Malcolm Drew, anayesa pa balere kupatsa nayitireti chigawo chimodzi chokha cha muzu. Timizu tam'mbali tinachuluka ndi kutalika pachigawo chomwecho, kwina konse ayi. Mpunga umachitanso zomwezo. Ndiye malo amene feteleza wagwera amasintha maonekedwe a mizu. Akakhala pamwamba penipeni pa nthaka, mizu yambiri imaunjikana pamwamba pomwepo.

Kuchepako kukapitirira, mbande imayamba kusamutsa nayitrojeni amene ili naye kale. Imaphwanya mapuloteni ndi klorofili za m'masamba akale, n'kutumiza nayitrojeniyo ku tsamba limene likutuluka. N'chifukwa chake chikasu cha kusowa nayitrojeni chimayambira masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga, pamene tsamba la pamwamba likadali lobiriwirako. Masamba atsopano amatuluka aafupi, opyapyala ndi oimirira njo. Zikafika poipa, mizu nayo imaleka kukula, chifukwa masamba achikasuwo sakupanganso shuga wokwanira. Kusowa pang'ono kumalimbikitsa mizu, kusowa kwambiri kumapinimbiritsa chomera chonse, ndipo malire a ziwirizi ndi aang'ono.

Mphukira ndi nthawi yake

Zokolola za mpunga zimadalira kwambiri chiwerengero cha ngala, ndipo ngala iliyonse imachokera ku tsinde lake. Matsinde owonjezerawa, amene timati mphukira kapena ana, amayamba ngati timaso tobisika pamfundo ya tsamba lililonse m'munsi mwa mbande. Katswiri wa ku Japan, Katayama, anafotokoza mu 1951 kuti masamba ndi mphukira zimatuluka motsatira ndondomeko. Tsamba lachinayi likamatuluka pa tsinde lalikulu, mphukira ya pa tsamba loyamba imatha kutuluka. Lachisanu likamatuluka, ndi nthawi ya mphukira ya pa tsamba lachiwiri, ndipo zimapitirira choncho.

Koma sikuti kaso kalikonse kamaphukadi. Kali ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ikafika mbande ili ndi njala kapena yapanikizana ndi zinzake, kasoko kamangogona, kawirikawiri osadzukanso. Mphukira zotayika motere ndi za m'munsi, zomwe zikanakhala zoyamba kukula ndi kubala ngala zazikulu. Nayitrojeni wa m'tsamba akatsika kufika pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa tsamba louma, mphukira zimalekeratu kutuluka.

Uthenga umayenda bwanji kuchokera ku muzu kukafika ku kaso? Umayenda ndi mahomoni, timadzi tonyamula malangizo m'thupi la chomera. Muzu ukapeza nayitrojeni wokwanira umapanga homoni yotchedwa cytokinin, imene imakwera ndi madzi kukauza masamba kuti atambasuke ndi timaso kuti tiphuke. Ukamusowa umachulukitsa homoni ina, strigolactone, imene imaletsa mphukira. Homoni yachiwiriyi ili ndi kankhani kake. Gawo lina la homoniyi limatuluka m'muzu kulowa m'nthaka, ndipo njere za kaufiti zikaimva zimamera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kaufiti amavutitsira mpunga wa kumtunda pa nthaka yoguga kuposa pa yachonde.

Akachuluka

Powonjezera nayitrojeni pa mbande yanjala, feteleza woyamba amabweretsa kusintha kwakukulu, wachiwiri kocheperako, ndipo pamafika poti wowonjezera sakulitsanso kanthu. Mbande imapitiriza kumumwa ndithu, masamba amaderako n'kuoneka okongola, koma kulemera kwake kouma sikukwera molingana ndi kukongolako.

Kumbukirani kuti amoniyamu aliyense amafuna shuga. Akamalowa wambiri, shuga wambiri amathera pomumanga, ndipo amene akanasungidwa ngati sitachi m'munsi mwa tsinde, kapena kukalimbitsa makoma a maselo, amachepa. Cytokinin akupitiriza kuuza masamba kuti akule, ndiye masamba amatalika, amatambalala, amapyapyala n'kuyamba kuwerama. Mizu ilibe chifukwa chosakira kutali, imakhala yaifupi. Zotsatira zake ndi mbande ya masamba ambiri ofewa pamwamba pa mizu yochepa. Masamba otere amagwidwa msanga ndi matenda a blast, amene amayamba ndi fangasi, ndipo tizilombo toyamwa madzi a m'tsinde timaswana bwino pa mpunga wodya nayitrojeni wochuluka.

Kuwala kumasintha zonsezi. Nayitrojeni yemweyo amene ndi wokwanira bwino pa bedi lofesedwa motayana, lolandira dzuwa, amakhala wochuluka pa bedi lofesedwa mothithikana kapena pa nyengo ya mitambo, chifukwa shuga womulandira ndi wochepa. Mbande zothithikana zimapikisana kutalika pofuna dzuwa, ndipo nayitrojeni amangowonjezera liwirolo. Nthawi zambiri munthu akamadandaula kuti feteleza waononga nazale, vuto linayambira pa kafesedwe.

Tsiku lowokera

Mkangano uja umafika pachimake tsiku lozula. Pozula mbande mizu yambiri imaduka, ndipo yotsalayo siimwa madzi bwino kwa masiku angapo. Mbande iyenera kutulutsa mizu yatsopano kuchokera pamfundo za m'munsi. Kuti itero imafuna zinthu ziwiri zimene inasunga kale: nayitrojeni womangira maselo atsopano, ndi sitachi wopereka mphamvu.

Mbande yanjala ili ndi sitachi koma nayitrojeni wochepa, ndiye imatulutsa mizu yochepa, imakhala nthawi yaitali ili yachikasu, ndipo mphukira zake zoyamba inataya kale. Amene amati thirani feteleza pa nazale anaona zimenezi. Mbande yokhuta mopitirira ili ndi nayitrojeni koma sitachi wochepa, ndipo masamba ake aakuluwo akutaya madzi pamene mizu siikumwa. Imafota, masamba ena amauma, imayambiranso pansi. Amene amati musathire anaona zimenezi. Ofufuza akafuna kudziwa mbande yabwino sayang'ana kutalika kokha. Amayerekeza kulemera kwake kouma ndi kutalika kwake. Yaifupi, yonenepa m'munsi, yobiriwira mosapitirira ndi imene imagwira msanga.

Kuchuluka kwa feteleza wofikitsa mbande pamenepa kumasiyana ndi nthaka, mtundu wa mpunga, kafesedwe ndi msinkhu umene idzawokeredwe. Bedi la nthaka yachonde yokhala ndi manyowa owola bwino likhoza kusafuna kanthu. Lamchenga likhoza kufuna pang'ono mbande zikafika masamba awiri kapena atatu. Mbande yowokeredwa ili yaing'ono kwambiri imachoka pa nazale kamba wake atangotha kumene kapena asanathe n'komwe, ndiye funso la feteleza wa pa nazale silikhala lalikulu kwa iyo.

Mtundu wa mpunga nawo uli ndi mbali

Mitundu yakale ya mpunga, yaitali mapesi, ikapatsidwa nayitrojeni wambiri inkangotalika n'kugwa isanakhwime. Mu 1966 bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, limene lili ku Los Baños m'dziko la Philippines, linatulutsa mtundu wa IR8. Unachokera pokwatitsa Peta, mpunga wautali wa ku Indonesia, ndi Dee-geo-woo-gen, waufupi wa ku Taiwan. IR8 inatengera jini yotchedwa sd1, imene imachepetsa homoni yotalikitsa tsinde ya gibberellin. Mpunga wotere ukadya nayitrojeni umachulukitsa mphukira ndi njere m'malo motalika, ndipo mitundu yambiri ya makono ili ndi jini imeneyi.

Patapita zaka zambiri zinadziwika kuti kufupikaku kunabwera ndi vuto lake. Gibberellin akachepa, m'chomera mumachuluka puloteni yotchedwa DELLA, imene imaletsa kutalika komanso imafooketsa kamwedwe ka nayitrojeni. Mu 2018 gulu la Fu Xiangdong ku Beijing linaonetsa kuti puloteni ina, GRF4, imalimbana ndi DELLA, ndipo kuichulukitsa kumathandiza mpunga waufupi kumwa nayitrojeni bwino osatalika. Mu 2020 gulu lomweli linafotokoza za NGR5, imene imalumikiza nayitrojeni ndi kutuluka kwa mphukira. Cholinga cha kafukufuku yenseyu ndi kupeza mpunga wotulutsa mphukira zokwanira ndi feteleza wochepa.

Kufunika kwake kumaoneka tikayang'ana feteleza amene amatayika. M'minda yothirira ya ku Asia, mpunga umamwa pakati pa 30 ndi 40 peresenti yokha ya nayitrojeni wothiridwa. Wina amauluka ngati amoniya kuchokera m'madzi a pamwamba, makamaka masana pamene ndere zasintha madziwo. Wina amasanduka mpweya m'nthaka. Wina amapita ndi madzi. Kutayikaku kumakula mbande ikakhala yaing'ono, chifukwa timizu take sitingamwe wambiri. Mpunga umafuna makilogalamu pafupifupi 15 mpaka 20 a nayitrojeni pa tani iliyonse ya zokolola, koma wochuluka umamumwa kuyambira pamene mphukira zachuluka mpaka potulutsa ngala. N'chifukwa chake alangizi amati feteleza athiridwe mogawa. Ku Bangladesh kunafalanso njira yokwirira Urea woumbidwa timibulu masentimita 7 mpaka 10 m'matope, kumene amoniyamu sangauluke.

Chikasu chilichonse si nayitrojeni

Popeza tsamba limaonetsa zimene zili mkati, IRRI inafalitsa kakhadi ka mitundu ya masamba, kokhala ndi timizere toyambira kubiriwira kotuwa mpaka kobiriwira kwambiri. Mlimi amayerekeza tsamba la pamwamba lotambasuka mokwanira ndi kakhadiko, atalitchinga dzuwa ndi thupi lake, n'kuthira feteleza pokhapokha mtunduwo watsika. Kuyeza kumayamba patapita masiku 14 chiwokerereni, chifukwa m'masiku oyamba mbande imakhala yachikasu kaamba ka mizu yoduka ija, osati njala.

Choyenera kuyang'ana kaye ndi masamba amene ayamba. Chikasu cha nayitrojeni chimayambira m'munsi. Chikayambira masamba atsopano a pamwamba, ganizirani za salufa kapena ayironi, chifukwa michere imeneyi chomera sichiisamutsa mosavuta kuchoka m'masamba akale. Madontho ofiirira pa mbande zopinimbira, masabata awiri kapena anayi chiwokerereni, m'malo ena a munda osati ponseponse, nthawi zambiri amasonyeza kusowa zinki. Kuzizira nako kumachititsa masamba chikasu ngakhale nthaka ili ndi nayitrojeni wokwanira, chifukwa muzu wozizidwa umamwa pang'onopang'ono, ndipo Urea wothiridwa pa nthawi yotere amakhala m'madzi osamwedwa mpaka wambiri atauluka.